Kutuluka m'ndende sikubwezera munthu ufulu wokhala ndi mfuti

Kwa nthawi yaitali anthu ambiri akhala akukhulupirira kuti ku United States munthu akangomaliza chilango chake, ufulu wokhala ndi mfuti umabwerera wokha, koma zimenezi si zoona. Lamulo la dziko lonse la 1968 limaletsa pafupifupi aliyense amene anapezeka wolakwa pa mlandu umene chilango chake chingapitirire chaka chimodzi kukhala ndi mfuti kapena zipolopolo, ndipo chiletsocho chilibe tsiku lothera. Chimene lamulo limayang'ana ndi kukula kwa chilango chimene woweruza akanatha kupereka, osati masiku amene munthuyo anagonadi m'ndende. Choncho kalaliki amene anaba ndalama zambiri kuntchito koma osatsekeredwa, akapezeka ndi chipolopolo chimodzi chokha m'dilowa patatha zaka 20, wapalamula mlandu watsopano. Mu 1996 chiletsochi chinafikanso kwa opezeka olakwa pa milandu ing'onoing'ono ya nkhanza za m'banja.

Njira yopemphera ufuluwu inalembedwa m'lamulo, koma kuyambira mu 1992 aphungu a Congress, nyumba ya malamulo ya dzikolo, analetsa ATF, bungwe la boma loona za mfuti, kugwiritsa ntchito ndalama pounika mapempho oterowo. Mu 2002, pa mlandu wa Thomas Bean, munthu amene anapempha kuti abwezeredwe ufuluwu, Khoti Lalikulu Kwambiri linagamula kuti makhoti sangalowererepo ngati ATF sinakane pempholo, zomwe, kunena mosabisa, zinasiya opempha m'malere, popeza bungwelo silinkavomera kapena kukana. Wolakwira malamulo a dziko lonse, osati a chigawo (state) chimodzi chabe, ankangodalira chikhululukiro cha pulezidenti, mpaka mu 2025 pamene unduna wa zachilungamo unachotsa udindowu ku ATF n'kuyamba kuunika wokha mapemphowo.