Vetiva satha munda, abale

Zaka zonsezi ndakhala ndikumva nkhani yomweyomweyi kuno ku Zomba, akuti ukadzala udzu wa vetiva pa akalozera (mizere ikuluikulu yopingasa malo otsetsereka) umafalikira munda onse nkumalanda chakudya cha chimanga. Ndatopa nayo, chifukwa anthu olima m'mphepete mwa phirimu akusiya mizere yopanda chogwira, mvula ikagwa mwamphamvu dothi lonse ulendo waku mtsinje wa Likangala, madzi ali psuu.

Mizu ya vetiva imapita pansi chowongoka, imatha kufika mamita 2 kapena 3, siyanga m'mbali ngati kapinga ayi. Ndiponso mtundu omwe timadzalawu subereka njere zomera, umachuluka pokhapokha munthu wagawa tsinde nkukadzala yekha. Ukadzalidwa mothinana, masentimita 10 mpaka 15, umachepetsa liwiro la madzi, dothi limatsalira kumtunda kwake mpaka malowo amayamba kusalala okha.

Musangokhulupirira ine. Pitani pamunda omwe vetiva watha zaka zingapo, kumbani pang'ono pambali ndi khasu muone komwe mizu yalowera, muonenso dothi lomwe launjikana. Musanaone nokha chonde musamauze anzanu zongomva. Akatalika nkuyamba kuphimba chimanga ingomudulani, masambawo mufolere nthaka.