Mwana wodwala khansa akasintha khalidwe

Mwana wa zaka zisanu, amene kale anali wofatsa, wadzuka pakati pa usiku akulirira chakudya. Mwamupatsa, wadya, ndipo pasanathe ola akufunanso china. Kukacha waponya kapu pansi chifukwa si imene amaifuna, wamenya mng'ono wake, kenako wakhala pakona n'kumalira ngati womenyedwayo ndi iyeyo. Inu mayi kapena bambo mwangoti kakasi, mumtima mukudzifunsa kuti, "Kodi mwana wanga uja ndi yemweyu?" Ndi yemweyo. Makolo ambiri amene akudwazika mwana wa khansa amakumana ndi zimenezi, koma amachita manyazi kuzinena kuchipatala poganiza kuti adokotala ali ndi zikuluzikulu zoti amve. Kusintha khalidwe ndi mbali ya matendawa, ndipo muyenera kukunena monga mmene mumanenera kusanza kapena kutentha thupi.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati chaka chilichonse ana ndi achinyamata pafupifupi 400,000, a zaka zosapitirira 19, amadwala khansa. M'maiko olemera ana oposa 80 mwa 100 alionse amachira, pamene m'maiko ambiri osauka ochira safika ndi 30 omwe. Zifukwa n'zambiri, monga kuchedwa kuzindikira matenda ndi kusowa kwa mankhwala, koma china chimene WHO imatchula ndi kusiyira chithandizo panjira. Apa m'pamene nkhani ya khalidwe imalemera. Kholo likaona mwana wasanduka wina atangoyamba mankhwala, popanda amene analichenjeza, limaganiza kuti mankhwalawo akumuzunguza mutu. Likatero limayamba kudumphitsa mapiritsi, mwinanso kusiyiratu kupita kuchipatala, ndipo khansa imene inali itayamba kugonja imadzukanso.

Mankhwala ndi ululu

Mankhwala amene amasintha mwana kwambiri ndi a gulu la ma steroid, makamaka dexamethasone ndi prednisolone. Pa khansa ya m'magazi ndi pa khansa yotupitsa anabere yotchedwa lymphoma, mankhwalawa si ongoperekezera ayi, amapha nawo maselo a khansawo. Koma amabweretsa njala yosatha, kusowa tulo, kupsa mtima msanga ndi kulira kopanda chifukwa, ndipo masaya amafufuma. Ana ena amalongolola osapuma, ena amangokhala ndwii. Chithandizo cha khansa ya m'magazi yofala kwambiri mwa ana, yotchedwa ALL, chimatenga zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo mbali yaikulu ya nthawiyi ma steroid amaperekedwa modukizadukiza: masiku angapo akumwa, kenako masabata opuma. N'chifukwa chake khalidwelo limabwera n'kupita. Lembani pakalendala tsiku limene wayamba kumwa ndi tsiku limene wamaliza. Mukatero kangapo mudzaona nokha kuti masiku ovuta aja amayendera limodzi ndi mapiritsi, ndipo pakapita masiku ochepa atamaliza, mwana amabwerera mwakale.

Chonde musamusiyitse ma steroid panokha. Mwana akamwa mankhwalawa kwa masabata angapo, thupi limachepetsa kupanga timadzi take totchedwa cortisol, ndipo kusiya mwadzidzidzi kungamufooketse mpaka kuika moyo wake pachiswe. Zikafika posapiririka, auzeni adokotala. Iwo ndi amene angasinthe nthawi yomwera kapena kuona njira ina.

Khalidwe lina kwenikweni ndi ululu umene mwana akulephera kuutchula. Mankhwala a khansa otchedwa vincristine amadzimbitsa, amapweteketsa nsagwada, komanso amachititsa dzanzi m'manja ndi m'mapazi. Ena amatulutsa zilonda m'kamwa. Mwana wa zaka ziwiri sanganene kuti nsagwada zikumuwawa. Amangokankha supuni n'kukuwa. Wamkulupo amene akukana kuyenda n'kumaumirira kuti mumubereke, mwina si matama, mwina miyendo yafa dzanzi kapena magazi achepa. Musanamukalipire, suzumirani m'kamwa mwake, muuzeni aloze ndi chala pamene pakupweteka, ndipo kumbukirani tsiku limene anachita chimbudzi komaliza.

Pali zizindikiro zina zimene simuyenera kudikira nazo tsiku lobwerera kuchipatala. Thupi likatentha kufika madigiri 38, thamangirani naye kuchipatala ngakhale usiku, chifukwa mankhwala a khansa amachepetsa asilikali a m'thupi ndipo matenda amafalikira mofulumira. Chitaninso chimodzimodzi ngati akusokonezeka osakuzindikirani, akuvuta kudzutsa, wakomoka, akuona zinthu zimene palibe, mutu ukumupweteka kwambiri kwinaku akusanza, akumva ludzu losatha n'kumakodza pafupipafupi, kapena wanena zodzipha.

Mantha amene sanena

Akatswiri ofufuza khalidwe la ana amagawa mavuto ake pawiri, ndipo kagawidweka kanatchuka ndi ntchito ya Thomas Achenbach wa ku America, amene anakonza mafunso oyankha makolo otchedwa Child Behavior Checklist. Pali mavuto otulukira kunja, monga ndewu, mwano ndi kuswa zinthu. Palinso mavuto obisala mkati: nkhawa, chisoni, kudzipatula, maloto oopsa, kudandaula m'mimba popanda chimene chapezeka. Mwana wolusa aliyense amamuona. Amene tiyenera kumudera nkhawa kwambiri ndi uja amene anamwino amamutama kuti ndi womvera, amene amatambasula mkono kuti amubaye osalira n'komwe, koma anasiya kusewera ndipo sayang'ananso munthu kumaso. Kukhala chete si umboni woti mtima uli m'malo.

Ana aang'ono nthawi zambiri amaganiza kuti adwala chifukwa analakwa. Mwana amakumbukira tsiku limene sanamvere, n'kulumikiza ndi majekeseni amene akulandira. Muuzeni momveka, osati kamodzi kokha, kuti palibe chimene anachita chimene chabweretsa khansa. Inunso simunaibweretse, ndipo siipatsirana. Pachifukwa chomwechi, musamuopseze kuti, "Ukapanda kudya ndikuuza anesi akubaye." Mawu amenewo amasandutsa chithandizo kukhala chilango, ndipo mawa lake mudzavutika kumulowetsa pakhomo la chipatala.

Makolo ambiri amabisa matendawa pofuna kuteteza mwana, ndipo n'zomveka. Koma m'zaka za m'ma 1970, Myra Bluebond-Langner anakhala nthawi yaitali pakati pa ana odwala khansa ya m'magazi m'chipatala china ku America, ndipo anapeza kuti anawo ankadziwa kukula kwa matenda awo ngakhale kuti akuluakulu sankawauza. Ankanamizira kusadziwa kuti makolo awo asadandaule. Tangoganizani kamwana katasenza kokha katundu wotero. Simukufunika kumufotokozera zonse. Mawu ochepa oona, ogwirizana ndi msinkhu wake, ndi okwanira: "Magazi ako ali ndi matenda otchedwa khansa. Mankhwalawa akulimbana nawo. Tsitsi lidzathothoka koma lidzameranso." Ndipo akamakabayidwa musati, "Sizipweteka." Nenani kuti, "Zipweteka pang'ono, ndikugwira dzanja, tiwerenge limodzi mpaka khumi." Mukamunamiza kamodzi, sadzakukhulupirirani tsiku limene mudzanene zoona.

Kukodza pogona, kuyamwa chala kapena kukukakamirani ngati khanda, zonsezi zimachitika mwana akakhala ndi mantha. Musamuchititse manyazi, zimatha.

Malamulo a pakhomo asathe

Apa makolo amagwa mbali ziwiri. Ena amalanga mwaukali chifukwa atopa. Ena amasiya zonse, mwana achite zimene akufuna, poti akudwala. Kumenya n'koopsa kwa mwana ameneyu kuposa wina aliyense, chifukwa mankhwala amachepetsa tizigawo ta magazi totchedwa ma platelet, timene timaumitsa magazi, moti kambama kakang'ono kangayambitse kukha magazi mkati. Kumulekerera nakonso kumamuopsa. Mwana akaona kuti zimene dzulo zinali zoletsedwa lero palibe akumuletsa, amazindikira kuti zinthu zafika poipa.

Sankhani malamulo ochepa osasunthika: mankhwala amamwedwa, kumenya ena n'koletsedwa, nthawi yogona ndi yomweyo. Zina zing'onozing'ono zisiyeni, makamaka masiku a ma steroid. Mupatseni mwayi wosankha pamene n'kotheka. Musamufunse ngati akufuna kumwa mankhwala, koma mufunseni ngati amwera m'kapu kapena pasupuni, atakhala pamiyendo panu kapena pampando. Mwana amene walandidwa ulamuliro pa thupi lake, amene anthu amangomugwira ndi kumubaya, amapezako mpumulo pa zosankha zazing'ono ngati zimenezi. Akapsa mtima, muchotseni pamene angadzivulaze, khalani naye pafupi osachulutsa mawu, mkwiyo ukatsika mukambirane. Akachita bwino, tchulani chimene wachitacho: "Wameza piritsi lija ngakhale limawawa."

Wachinyamata ndi wina. Kuthothoka tsitsi ndi kusintha nkhope zimamupweteka kwambiri, ndipo ena amabisa mapiritsi m'malo momwa. Musamuzonde ngati wakuba. Khalani naye pansi, ndipo mulole aziyankhula yekha ndi adokotala nthawi zina.

Musaiwale abale ake. Mwana amene watsala pakhomo makolo ali kuchipatala angayambe mwano kapena kulephera kusukulu, kwinaku akudziimba mlandu chifukwa chochitira nsanje m'bale wake wodwala. Mphindi zochepa zokhala ndi iye yekha zimathandiza.

Kafukufuku wa Anne Kazak ndi anzake, amene agwira ntchito zaka zambiri ndi mabanja a ana odwala khansa ku America, waonetsa kuti mabanja ambiri amapirira n'kuzolowera, ndipo ndi ochepa amene amafunika chithandizo chapadera cha akatswiri a maganizo. Waonetsanso kuti kawirikawiri makolo ndi amene amatsala ndi mabala a mumtima kuposa anawo. Ngati simukugona, mukungolira kapena mukupsa mtima pa chilichonse, nenani. Mu 2015 akatswiri anasindikiza mfundo 15 za mmene mwana wodwala khansa ndi banja lake ayenera kusamaliridwira m'maganizo, ndipo makolo ndi abale a mwanayo ali momwemo. Kupempha chithandizo chotere ndi ufulu wanu.

Chithandizo chikatha, pitirizani kumuyang'anira. Ana amene anachitidwa opaleshoni ya muubongo, amene anawotchedwa ndi makina kumutu, kapena amene ankalandira mankhwala a methotrexate kudzera pamsana, angayambe kuiwalaiwala, kuchedwa kumvetsa zinthu kapena kulephera kuika maganizo pa phunziro, nthawi zina patapita zaka. Aphunzitsi angaganize kuti ndi ulesi, choncho afotokozereni mbiri yake. Ndipo popita kuchipatala tengani kapepala kamene mwalembapo chimene mwana anachita, tsiku lake, mankhwala amene ankamwa tsikulo, ndi mmene anagonera. Adokotala akamaliza kuona zotsatira za magazi, kaperekeni musanadzuke pampando.