Chiphunzitso cha Douhet ndi mabomba amene ankaphonya

Pa 1 Novembala 1911, msilikali wa ku Italy, Giulio Gavotti, anauluka pamwamba pa Ain Zara ndi Tajura ku Libya, n'kuponya ndi dzanja timabomba tinayi. Sitinawononge zambiri, koma kuyambira tsikulo akuluakulu a nkhondo anayamba kuyang'ana kumwamba.

Amene anaika m'buku maganizo omenya nkhondo ndi ndege ndi mkulu wa asilikali wa ku Italy komweko, Giulio Douhet. Pa Nkhondo Yoyamba Yapadziko Lonse anaona anyamata akutha ngati ntchentche m'ngalande za ku mtsinje wa Isonzo popanda kusuntha malire. Atadzudzula akuluakulu ake, khoti la asilikali linamutsekera chaka chathunthu mu 1916. Buku lake la 1921 linanena kuti ndege zilumphe asilikali onsewo n'kukamenya mtima wa dziko.

Choyamba, ankati, phwanyani ndege za mdani zili pansi, pakuti kuswa mazira m'chisa n'kosavuta kuposa kuthamangitsa mbalame m'mwamba. Kenako pitani kumizinda ndi mabomba amitundu itatu: ogwetsa nyumba, oyatsa moto, ndi a mpweya wapoizoni woti ozimitsa moto asayandikire. Anachita kuwerengera kuti ndege 10, iliyonse itanyamula matani awiri, zikhoza kusesa malo otambalala mamita 500. Anthu wamba akaona zoterezi, iye ankakhulupirira, adzaukira boma lawo n'kulikakamiza kugonja m'masiku ochepa. N'zopweteka kuti chandamale m'masamu amenewa anali amayi ndi ana ogona m'nyumba zawo.

A ku Britain anali atalawa kale. Pa 13 Juni 1917 ndege za Gotha za ku Germany zinapha anthu 162 ku London, 18 mwa iwo ana a sukulu ya ku Poplar. Boma linapempha Jan Smuts wa ku South Africa kuti aunike nkhaniyi, ndipo lipoti lake linabala Royal Air Force, gulu la ndege zankhondo la Britain, pa 1 Epulo 1918. Pofika 1932, nduna ya boma la Britain, Stanley Baldwin, ankauza nyumba ya malamulo kuti ndege yoponya mabomba palibe angaitchinge.

Nkhondo Yachiwiri inaonetsa pamene masamuwo anapotoka. Douhet sanadziwe za radar, chipangizo chomwe mu 1940 chinkaona ndege zikadali kutali, oteteza n'kunyamuka kukazichingamira. Masana oponya mabomba ankagwetsedwa ambiri, choncho a Britain anayamba kuuluka usiku, koma usiku sankaona. Lipoti la Butt la mu Ogasiti 1941, lomwe linaunika zithunzi zojambulidwa poponya mabomba, linapeza kuti mwa ndege zitatu zilizonse zimene zinkati zamenya chandamale, imodzi yokha ndiyo inkafika mkati mwa makilomita 8. Ku dera la Ruhr ku Germany, kumene utsi wa mafakitale ndi mizinga zinkasokoneza, inali imodzi mwa 10. Aamerika anaumirira kuuluka masana popanda zowaperekeza, ndipo ku Schweinfurt pa 14 Okutobala 1943 anataya ndege 60 mwa 291.

Anthu wamba nawonso sanachite zimene Douhet ankayembekezera. Moto wa ku Hamburg mu Julayi 1943 unapha anthu oposa 35,000, koma opulumuka anathera mphamvu zawo posaka madzi, chakudya ndi pogona, osati poukira Hitler. Mafakitale a zida ku Germany anapitiriza kuchulukitsa katundu mpaka pakati pa 1944, ndipo anagwada pamene mabomba analunjika pa mafuta ndi njanji.