Mwana wanu akuwerenga kapena wangoloweza?

Teremu iliyonse sipalephera kubwera kholo kusukulu kudzadandaula kuti mwana wake walakwa mayeso, chikhalirecho kunyumba amawerenga bwinobwino. Ndimamuitana mwanayo n'kumuuza kuti atsegule buku lake la Chichewa. Amayendadi ngati madzi. Koma ndikaphimba chithunzi ndi dzanja n'kuloza mawu a pakati pa tsamba, amangoti kakasi. Mwanayu sakuwerenga ayi, akuimba nyimbo imene anaimva m'kalasi.

Vutoli silichokera kutali. Chiyambireni maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, ana anachuluka kuposa aphunzitsi, moti mpaka lero si zachilendo kupeza ana oposa 100 mu Sitandade 1 kapena 2. Mphunzitsi akawerenga, ana onse amabwereza pamodzi mokweza, ndipo amene sakudziwa amabisala m'mawu a anzake. Ndondomeko ya boma yophunzitsa kuwerenga, imene inayamba mu 2016, inatithandiza ndi mabuku komanso njira yoyambira pa maliwu a malembo, koma makutu a mphunzitsi akadali awiri omwe aja. Sindingathe kumva mwana aliyense payekha tsiku lililonse. Inu kunyumba mungathe.

Mwayi wathu ndi woti Chichewa chimalembedwa monga momwe chimamvekera. Mwana akagwira a, e, i, o, u, n'kudziwa kuphatikiza m ndi a kukhala ma, khomo latseguka. Pamene ambiri amapunthwa ndi pa maphatikizo a malembo angapo: mpha, nkha, tcha, psa. Ena sasiyanitsa kama ndi khama, pala ndi phala, kapena nga wa mu ngale ndi ng'a wa mu ng'anjo. Zimenezi sizitha ndi kukula, zimatha ndi kuyeserera.

Ndiye madzulo, madzi a nsima ali pamoto, tengani kamtengo mulembe pansi mawu amene mulibe m'buku lake. Ngakhale opeka, monga "mapeta" kapena "lokumi", chifukwa amenewo sangakhale ataloweza. Akawatchula phatikizo ndi phatikizo, dziwani kuti akuwerengadi. Akamangoyang'ana nkhope yanu kuti mumuuze, bwererani naye ku ma, me, mi, mo, mu. Mphindi 10 zakwana. Mukapitirira apo mwana amatopa, inunso mtima umayamba kukwera, mapeto ake ndi mbama. Mwana amene wamenyedwapo chifukwa cha buku amaphunzira chinthu chimodzi chokha, kulibisa bukulo.

Zowerenga zili ponseponse: paketi ya shuga, thumba la feteleza, chikwangwani cha pagolosale, buku la nyimbo lakutchalitchi. Akamaliza, mufunseni kuti wamvapo zotani, poti kutchula mawu ndi kumva tanthauzo ndi zinthu ziwiri.

Nanga makolo amene sanapite patali ndi sukulu? Musadzichotsere ulemu. Agogo akati "Padangokhala" ana n'kuyankha "Tili tonse", akuwapatsa mawu atsopano ndi luso lotsata nkhani kuchokera poyamba mpaka pothera, zomwe timazifuna m'kalasi. Ndagi nazonso n'chimodzimodzi. Ndipo kukhala pamphasa n'kunena kuti "Tandiwerengera ndimve" sikufuna satifiketi.

Pali zina zoti muonetsetse. Mwana amene amafinya maso kapena kuika buku pamphuno apite kuchipatala akamuone maso, asanapatsidwe dzina la mbutuma. Wopita kusukulu m'mimba muli pululu sagwira kanthu, n'chifukwa chake phala la Mary's Meals, lomwe linayamba kuno ku Malawi mu 2002, limadzaza makalasi. Kumene kulibe phalalo, kambatata kowiritsa kamathandiza. Komanso tisamabise: mtsikana akaweruka amapeza mbale, mtondo ndi ndowa zikumudikira, mchimwene wake ali ku mpira. Gawani ntchitozo kuti nayenso apeze mphindi zake kusanade.

Chimene ndikukakamirira kuti mwana adziwe kuwerenga akadali mu Sitandade 2 ndi 3 n'choti kutsogoloku mabuku amakula, maphunziro ambiri amakhala m'Chingerezi, ndipo mayeso a MANEB a Sitandade 8 safunsa kuti unakhala pati m'kalasi. Mukamuyesa kwa sabata ziwiri osaona kusintha, bwerani kusukulu ndi kope lake, mutiuze maphatikizo amene akumuvuta kuti tidziwe poyambira.