Gingerly si nkhani ya jinja ayi

Pa zaka zimene ndakhala ndikuphunzitsa Chingerezi, mawu oti gingerly ndi amodzi amene ophunzira akangowaona m'buku amathamangira kunena kuti ndi za jinja. Ayi ndithu, angofanana kamvekedwe basi. Dzina la jinja linadutsa m'Chigiriki ndi Chilatini kuchokera ku zinenero za ku India, pomwe gingerly akatswiri a mawu amawalumikiza ndi gensor, mawu a Chifalansa chakale onena za chinthu chokongola, chosakhwimitsa. M'zaka za m'ma 1500 ankawagwiritsa ntchito pa munthu woyenda kapena kuvina ndi timasitepe ting'onoting'ono, kenako cha m'ma 1600 tanthauzo linasunthira ku kusamala. Katchulidwe kake ndi jinjali.

Nde chimene ndikufuna muchigwire ndi ichi, mu gingerly muli mantha. Munthuyo akusamala inde koma akusamala chifukwa akuopa kuti chinthucho chimupweteka kapena chisweka, dzanja likupita koma mtima ukubwerera m'mbuyo. Wabinya phazi nde akuyesa kuponda pansi koyamba, Mngerezi amati "He put his foot down gingerly". Wina akutola magalasi osweka ndi nsonga za zala, wina akukhudza chilonda kuti amve ngati chikuwawabe, zonsezo ndi gingerly. M'Chichewa pa kayendedwe tingati monyang'ama, koma pa kugwira timafunika mawu awiri, mosamala komanso mwamantha.

Apa mpamene anthu amasokoneza ndi gently ndipo zimandikhudza chifukwa chiganizo chimasintha nkhani yonse wolemba osadziwa. Gently muli kufatsa ndi chikondi, mantha mulibe. Mayi wozolowera akamagoneka mwana wake timati "She gently laid the baby down". Koma mupatseni khanda lomwelo mnyamata amene sanagwirepo mwana chibadwire, mikono yauma gwa, akupuma pang'onopang'ono kuopa kuligwetsa, ameneyo ndi "He held the baby gingerly". Nde mukalemba kuti namwino anagwira wodwala gingerly mwamuneneza kuti amachita mantha kapena amanyansidwa, pamene inu mumafuna kumuyamikira.

Carefully ndi ya kuika maganizo pa chimene ukuchita, kuwerenga kontirakiti, kuwonkhetsa masamu. Pamenepo gingerly salowa.

Pa galamala palibe zovuta kwenikweni, mutha kuwaika kutsogolo kwa mneni, "she gingerly opened the door", kapena kumapeto, "she opened the door gingerly". Amagwiranso ngati mfotokozi, "a gingerly step", ngakhale izi sizimveka kawirikawiri. Chimodzi chokha, musadule -ly poganiza kuti mupeza mawu ofotokoza munthu wosamala ngati mmene slowly amabwerera ku slow. Ku Britain mukati "a ginger man" aliyense amva kuti mukunena bambo wa tsitsi lofiira.