Arsenal inagonjapo mu 2003/04, koma osati mu ligi

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikumva m'mabwalo oonerako mpira kuti Arsenal, timu ya kumpoto kwa London yomwe inatenga ligi ya England mu 2003/04 sinagonjepo chaka chonsecho. Zanditopetsa, chifukwa si zoona.

Mu ligi mokha ndi momwe sinagonje. Pa masewero 38 inapambana 26, kufanana mphamvu 12, n'kumaliza ndi mapointi 90. Zimenezi n'zazikulu ndithu, sizifuna kuthiridwa mchere.

M'zikho zinali zina. Mu Seputembala 2003 timu ya Inter ya ku Milan inaithibula 3-0 pabwalo la Arsenal lomwe, mu mpikisano wa ku Ulaya wa Champions League. Mu mpikisano womwewo wa ku Ulaya, anzawo a ku London a Chelsea anaitulutsa mu ndime ya makotafainolo, ataichinya 2-1 pabwalo la Arsenal lomwelo. M'zikho ziwiri za m'dzikomo inathera mu semifainolo.

Musanatumize nkhani yotere pa WhatsApp, chonde yambani mwafufuza. Tsegulani pa intaneti zotsatira za nyengoyo, muone mpikisano uliwonse paokha. Tebulo la ligi limangoonetsa masewero a ligi, a zikho salowamo.