Chakudya, ziwengo ndi vuto la autism: uthenga kwa makolo a m'Chigawo cha Kummawa ku Zambia

Vuto la autism limakhudza kakulidwe ka ubongo wa mwana, ndipo bungwe la zaumoyo padziko lonse la World Health Organization linayerekeza mu 2023 kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 100 aliwonse ali nalo. Zizindikiro zake zimaonekera kwambiri mwana akafika miyezi 18 mpaka 24: satembenuka akaitanidwa dzina lake ngakhale makutu ake ali bwino, saloza ndi chala chinthu chimene akufuna kuonetsa amayi ake, amachedwa kulankhula, ndipo amatha kulira kwa nthawi yaitali chifukwa chakuti phala lake laikidwa m'mbale yosazolowera. Si ufiti ndipo si kulakwa kwa mayi. Kafukufuku wa ana amapasa amasonyeza kuti gwero lalikulu la vutoli ndi chibadwa chimene mwana amatengera kwa makolo ake.

Mauthenga ambiri a pa WhatsApp ndi Facebook amanena kuti mwana wotere amachira akasiya kudya tirigu ndi mkaka, chifukwa mu tirigu muli puloteni yotchedwa gluten ndipo mu mkaka muli puloteni yotchedwa casein. Umboni wokwanira wa zimenezi palibe, moti mu 2013 bungwe la NICE, limene limapereka malangizo kwa madokotala a ku Britain, linanena kuti kusala zakudya kusagwiritsidwe ntchito pofuna kuthetsa zizindikiro zenizeni za autism. Kwathu kuno nkhaniyi ndi yosavuta kuiyesa, pakuti chimanga chilibe gluten, ndipo mwana wa kumudzi ku Chadiza kapena ku Lundazi amene amakulira nsima ndi phala, osadya buledi kawirikawiri, angathe kukhala ndi vutoli chimodzimodzi ndi wa m'tauni ya Chipata.

Choopsa chenicheni ndi kupinimbira. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa mu 2018 anapeza kuti ana 35 mwa 100 aliwonse osakwana zaka 5 mu Zambia ndi opinimbira, ndipo mwana wa autism amakhala kale wosankha zakudya. Wina amangofuna nsima yokha popanda ndiwo, wina amalavula phala akangomva timibulu ta nsinjiro pa lilime. Kumulanda mwana wotere mkaka, mazira kapena nshawa popanda uphungu wa achipatala ndiko kumuchotsera zochepa zomwe zimamanga thupi ndi mafupa ake. Chothandiza ndi kuonjezera pang'onopang'ono: kusinja kapenta mpaka asalale n'kuthira kasupuni kamodzi m'phala, kapena kuika kachidutswa ka mbatata yofiira pambali pa mbale tsiku ndi tsiku, osamukakamiza, kufikira atakazolowera.

Za shuga, kafukufuku amene anaunikidwa pamodzi mu 1995 sanapeze kuti amachititsa ana kukhala osakhazikika, ngakhale kuti amawononga mano. Utoto wina wothira m'maswiti ndi m'zakumwa ndiwo unapezeka, pa kafukufuku wa ku Southampton ku Britain mu 2007, kuti umaonjezera pang'ono kusakhazikika mwa ana ena. Kuchepetsa zoterezi n'kwanzeru, koma si mankhwala a autism.

Ziwengo za chakudya ziliko ndithu, ndipo zimadziwika ndi zidzolo zoyabwa, kutupa kwa milomo ndi maso, kusanza kapena kubanika, patangopita mphindi zochepa kufikira maola awiri mwana atadya nshawa, mazira, nsomba kapena mkaka. Mwana akayamba kubanika, thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo. Ziwengo siziyambitsa autism, koma apa pali mfundo imene makolo ambiri, ngakhale ena a ife achipatala, timaiphonya: mwana amene satha kunena kuti m'mimba mukupweteka amalankhula ndi khalidwe. Amadziluma dzanja, amamenyetsa mutu kukhoma, kapena amakhala maso usiku wonse. Kudzimbidwa kumachitika kawirikawiri mwa ana amenewa, ndipo dzino lobooka, khutu lotuluka mafinya ndi kuchepa kwa magazi nazonso zimasintha khalidwe. Khunyu nalonso limapezeka kwambiri mwa iwo kusiyana ndi ana ena, ndipo si nthawi zonse pamene limagwetsa mwana pansi. Nthawi zina amangoti duu, maso ali tong'o, kwa kamphindi osamva kanthu. Khalidwe likasintha mwadzidzidzi, lembani m'kope kwa milungu iwiri zimene mwana wadya, mmene wagonera ndi masiku amene wachita chimbudzi, ndipo mukaonetse adokotala kopelo.

Zina zimene zimaonjezera mpata wa vuto la autism zimachitika mwana asanabadwe kapena pobadwa, monga matenda a rubella (ofanana ndi chikuku) kwa mayi woyembekezera, kubadwa masiku asanakwane, kubanika pobadwa, ndiponso mankhwala a khunyu otchedwa sodium valproate akamwedwa pa nthawi ya pakati. Mayi amene amamwa mankhwalawa asawasiye payekha, koma akambirane ndi adokotala asanatenge pakati. Malungo okhudza ubongo nawonso angasiye mwana ndi vuto la kuphunzira ndi la khalidwe, choncho kugona m'neti kumateteza ubongo wake.

Katemera sayambitsa autism. Mphekesera yakuti amayambitsa vutoli inachokera pa lipoti la dokotala wina, Andrew Wakefield, la mu 1998 lokhudza ana 12 okha, limene magazini ya zachipatala ya The Lancet inalichotsa mu 2010, chaka chomwecho chimene Wakefield anafufutidwa m'kaundula wa madokotala ku Britain. Kafukufuku wa ku Denmark wa mu 2019, wa ana oposa 650,000, sanapeze kugwirizana kulikonse pakati pa katemera ndi autism. Kuno katemera wa chikuku ndi rubella amaperekedwa pa miyezi 9 ndi 18, ndipo wachiwiriyo amangokumana ndi msinkhu umene zizindikiro za autism zimayamba kuonekera.

Ngati mukukayikira kakulidwe ka mwana wanu, pitani naye ku kiliniki ndi khadi lake la sikelo, ndipo pemphani kuti ayezedwe makutu poyamba, popeza kusamva kumafanana ndi autism m'zinthu zingapo. Akaona kuti n'kofunika, adzakulemberani kalata yopita ku chipatala chachikulu monga Chipata Central Hospital kapena St Francis ku Katete. Mankhwala ochiza autism kulibe, kaya a m'botolo kapena azitsamba, koma kuphunzitsa mwana kulankhula, kusewera ndi kudzisamalira kumathandiza kwambiri kukayamba msanga.